ZIGOLI TONSE TIWERENGA, NANGA PEPALA ALIWERENGA NDANI?

Tsiku lina Loweruka madzulo ndinapezeka mu Kafue, m'kanyumba kena ka mu Zambia Compound m'mene anthu amapereka kandalama kuti apenyerere mpira wa ku England pa wailesi ya kanema. Mpira unatha, koma anthu sanabalalike. Panabuka mkangano umene unatalika koposa mpira weniweniwo, ndipo mwini nkhani anali mwana wokulira m'tauni yomweyo, Patson Daka.

Mnyamata wina, foni ili m'manja, anali kuwerenga zigoli monga mphunzitsi aitanira maina m'kalasi. Anati m'nyengo ya mpira ya 2020 mpaka 2021 Daka anamwetsa zigoli 27 mu ligi ya ku Austria naposa onse, kuti mu October 2021 anamwetsa zinai yekha pa masewera amodzi ndi Spartak Moscow, ndiponso kuti ndiye Mzambia woyamba kugoletsa mu Premier League. Mkulu wina wa imvi, amene pa unyamata wake anagwira nchito ku fakitale ya feteleza, anapukusa mutu nati, "Mwanawe, werenganso bwino. Caka cake coyamba ku Leicester anamwetsa zingati mu ligi? Zisanu cabe. Kodi mapaundi mamiliyoni 23 n'kugula zigoli zisanu?" Mnyamatayo anayankha mwaulemu koma wosagonja, "Pepani atate, muwerengekonso mphindi zimene anapatsidwa m'bwalo. Munthu sagoletsa ali pa benchi." Nyumba yonse inagwa ndi phwete, ndipo mkangano unayambanso mwatsopano.

Ine sindili m'gulu la anthu amene amanyoza mikangano yotere ndi kunena kuti ndi kutaya nthawi. Munthu wozolowera kuwerenga ndi wobvuta kumunyenga, kaya ndi pa mpira kaya ndi pa msika wa thonje. Koma cimene cinandidetsa nkhawa usiku umenewo ndi ici: pa maola awiri athunthu panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti ndalamazo zinapita kwa yani, nanga pepala limene mnyamata amasaina limanena zotani, nanga pakabuka mlandu amaweruza ndani. Kumbuyo kwa nyumbayo kunakhala anyamata awiri, nsapato za mpira zili m'kathumba ka pulasitiki, amene ndinamva kuti amamenyera timu ina yaing'ono. Iwo anali kumvetsera mwacidwi za mamiliyoni a ku Ulaya, koma nkhani imene ikanawathandiza iwo eni sinakambidwe.

Tiyambe ndi mamiliyoni 23 aja, pakuti m'midzi yambiri anthu akhulupirira kuti Daka anawalonga m'thumba mwake. Si tero ai. Mtengo umene manyuzipepala anachula mu June 2021 unali wa kalabu ya Leicester City kulipira kalabu ya Red Bull Salzburg kuti imasule mnyamatayo ku pangano lake. Zake za iye mwini ndi malipiro amene analembedwa m'pangano latsopano la zaka zisanu, limene ambiri amalichula kuti kontrakiti. Cimodzimodzi mnzake Enock Mwepu, amene mu July caka comweco anapita ku Brighton pa pangano la zaka zinai. Anyamata awiriwa anadzera ku Kafue Celtic, ndipo onse anali m'timu imene inatenga cikho ca Africa ca osapitirira zaka 20 mu March 2017, pamene inagonjetsa Senegal ndi zigoli ziwiri kwa duu pa bwalo la Heroes mu Lusaka.

Tsono pali lamulo la bungwe la FIFA limene aliyense wosunga timu kumudzi ayenera kulidziwa monga adziwira dzina la mfumu yake. Wosewera akagulitsidwa kucoka dziko lina kupita dziko lina pangano lake lisanathe, magawo 5 pa 100 alionse a mtengowo amapatulidwa kuti agawidwe kwa makalabu amene anamulera kuyambira caka cimene anakwanitsa zaka 12 mpaka 23. Tiyeni tiyese masamu ndi mtengo wonga wa Daka. Magawo 5 pa 100 a mamiliyoni 23 ndi mapaundi 1,150,000. Pa ndalama zimenezo, caka ciliconse ca pakati pa zaka 12 ndi 15 cimabala mapaundi 57,500, ndipo caka ciliconse ca pakati pa zaka 16 ndi 23 cimabala 115,000. Awerengi okondedwa, sinthani nokha ndalamazo m'makwacha, ndipo muone mipira, majezi ndi zitsime zimene zingagulidwe. Komatu ndalama zimenezi sizitsata munthu amene anagulira mwana nsapato zoyamba, kapena mphunzitsi amene anamutulukira pa bwalo la sukulu. Zimatsata kaundula. Zimapita ku kalabu yolembetsedwa ku bungwe la FAZ, imene dzina la mwanayo linalembedwa m'buku lake pa zaka zimenezo. Kuyambira mu November 2022 FIFA ili ndi ofesi ku Paris yoona za kugawa ndalama zotere, ndipo ofesiyo simva umboni wa pakamwa. Timu ya kumudzi imene inalera mwana zaka zitatu popanda kumulembetsa idzangomuonera pa kanema, n'kumauza alendo kuti uyu anali wathu.

Mkulu wa imvi uja sindimudzudzula posafunsa za mapepala, cifukwa pa nthawi yake panalibe cifukwa cofunsira. Kafue ndi tauni imene inakula ndi mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, ndipo pafupi pake panali fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles. Monga zinalili ku migodi ndi ku njanji, timu ya mpira inali mwana wa kampani. Nitrogen Stars, imene atate ake a Daka anamenyerako, dzina lake lokha likunena mwini wake. Mnyamata waluso anali kupatsidwa nchito ya ukalaliki kapena ya m'shopu ya makina, nyumba ya kampani, ndi cipatala ca kampani. Bondo likathyoka anali kubwerera ku desiki yake. Pangano lake lenileni silinali la mpira koma la nchito, ndipo pomuteteza panali bungwe la anchito. Makampani a Boma atayamba kugulitsidwa ndi kufooka m'zaka za m'ma 1990, denga limenelo linasasuka. Mnyamata wa lero alibe desiki yobwererako. Munda wake ndi miyendo yake iwiri, ndipo munda umenewo ukabala kwambiri ndi zaka khumi kapena khumi ndi zisanu.

Nthawi zina subala n'komwe zaka zimenezo. Mwepu, amene ocemerera anamupatsa dzina lakuti Computer cifukwa ca nzeru zake pakati pa bwalo, anadwala pa ulendo wopita kukamenyera dziko lake mu September 2022. Madokotala atamupima anapeza bvuto la mtima la ku mtundu, ndipo mu October analeka mpira ali ndi zaka 24 cabe. Kalabu yake pambuyo pake inamupatsa nchito yophunzitsa ana ang'ono. Tithokoze kuti zinamugwera ali m'manja mwa anthu okhala ndi madokotala ndi mapepala olongosoka. Koma tidzifunse kuti bvuto lomwelo likagwera mnyamata wa ku Shikoswe kapena wa ku Katete amene akumenyera timu ya m'magawo a pansi pa lonjezo la pakamwa, adzagwira mtengo uti.

Za kuipa kwa kusalemba, dziko lino linaphunzira kale phunziro lowawa, ndipo linaphunzira pa zigoli zomwezo zimene timakonda kukangana. Mu 1972 Godfrey Chitalu, amene anthu anali kumuchula kuti Ucar, anamwetsa zigoli 107 m'caka cimodzi pomenyera Kabwe Warriors ndi timu ya dziko, ndipo caka comweco anamwetsanso zisanu ndi ziwiri pa masewera amodzi ndi Majantja ya ku Lesotho. Mu 2012 Lionel Messi atamwetsa 91, dziko lonse la pansi linati waphwanya mbiri ya Gerd Müller wa ku Germany, amene anamwetsa 85 mu 1972 momwemo. A FAZ anadandaula kuti mwini mbiri ndi Chitalu. FIFA inayankha kuti siisunga kaundula wa masewera a m'maligi a maiko, motero singatsimikize za wina aliyense. Cinatsala n'cakuti anthu odzipereka, monga a Jerry Muchimba, afufuze m'manyuzipepala akale, tsamba ndi tsamba, kuti asonkhanitse zigolizo cimodzicimodzi. Mwini wake sanathe kudzinenera, pakuti anatisiya pa ngozi ya ndege ya ku Gabon mu April 1993. Ngati zigoli za munthu wochuka cotere zinasowa woziimira cifukwa ca kucepa kwa zolemba, kuli bwanji malipiro a miyezi itatu a mnyamata wosadziwika?

Ndiloleni tsopano ndikutengereni kutali pang'ono, ku dziko la cisanu, cifukwa kumeneko kuli anthu amene anasandutsa mkangano wonga wa mu Zambia Compound kukhala bwalo lenileni la milandu. Ku Canada ndi ku America kuli masewera ochedwa hockey, amene amacitikira pa madzi oundana ngati mwala. Osewera asanu ndi mmodzi mbali iliyonse amabvala nsapato zokhala ndi mpeni kunsi kwake, natsetsereka pa madzi oundanawo, akumenya kamphira kakuda kaphwatalala ndi ndodo zokhota. Ambiri a ife sitidzawaona ndi maso masewera amenewa, ndipo palibe cimene tataya. Cofunika kwa ife ndi m'mene ligi yao yaikulu, ya NHL, imathetsera mkangano wa malipiro.

Mu 1990 bungwe la osewera a kumeneko linabvomereza kuti malipiro a wosewera aliyense adziwike poyera. Kufikira nthawi imeneyo aliyense anali kukambirana ndi mwini timu ali mumdima, wosadziwa cimene mnzake wa luso lofanana akulandira. Zitadziwika, malipiro anakwera, pakuti munthu anatha kuloza cala ndi kunena kuti uyo ndi ine tamwetsa zofanana, nanga bwanji iye alandira kawiri? Ndipo wosewera amene watha zaka zingapo mu ligi, pangano lake likatha koma kalabu ikali ndi mphamvu pa iye, ali ndi ufulu wotengera nkhani ya malipiro kwa woweruza wosakondera, amene bungwe la osewera ndi eni ligi anagwirizana pomusankha. Milanduyi imamvedwa kumapeto kwa July ndi kumayambiriro kwa August. Wosewera amachula mtengo wake, kalabu imachula wake. Mbali iliyonse imabweretsa umboni: masewera amene anamenya, zigoli, mipira imene anapatsira anzake, kubvulala kwake, zaka zimene watumikira, ndi malipiro a anzake ofanana naye. Kalabu siiloledwa kulira umphawi pa bwalo limenelo, ndipo nkhani za m'manyuzipepala sizilandiridwa monga umboni. Pasanathe maola 48 woweruza amapereka cigamulo.

Musaganize kuti zonse kumeneko ndi uci. Kuti kalabu ipambane mlandu, iyenera kunyoza mwana wake yemwe iye ali pomwepo akumva. Kunamveka kuti mu 1997 goloboyi wa New York Islanders, Tommy Salo, anagwetsa misozi atamva m'mene akuluakulu a timu yake anamupeputsira. Ndiponso kulimbana kwa eni matimu ndi osewera kunafika poipa kotero kuti nyengo yonse ya 2004 mpaka 2005 inapita popanda masewera ndi amodzi omwe, kufikira anagwirizana zoika malire a ndalama zimene timu imodzi ingalipire osewera ake, amene poyamba anali madola mamiliyoni 39. Koma taonani cinthu cimodzi: milandu yambiri imene imalembetsedwa siifika n'komwe pamaso pa woweruza. Mbali ziwirizo zimagwirizana tsiku lisanafike, cifukwa aliyense adziwa kuti bwalo lilipo, tsiku lake ndi lodziwika, ndipo cigamulo cake cidzagwira nchito. Ife a kumudzi tikuzidziwa zimenezi. Kumene mfumu imaweruza molungama ndi mosacedwa, anthu ambiri amathetsa nkhani zao kwa ankhoswe osafika n'komwe ku bwalo.

Nanga kwathu kuno zili bwanji? Pali cinthu cimodzi cimene cimandiwawa ndikaciganizira. Wosewera wocokera ku Congo kapena ku Ghana akabwera kudzamenyera kalabu ya muno, kalabuyo n'kuleka kumulipira, iye ali ndi njira yolunjika ku bwalo la FIFA, ndipo salipira kanthu kuti mlandu wake umvedwe. Kuyambira mu 2018 malamulo a FIFA amati wosewera amene sanalipidwe miyezi iwiri angalembe kalata yopatsa kalabu masiku 15, ndipo ikalephera angacoke popanda mlandu ndi kufunanso cipukuta misozi. Kalabu yokana kumvera cigamulo imaletsedwa kulembetsa osewera atsopano. Wosakhutira angapitirire ku bwalo lalikulu la zamasewera la ku Lausanne, limene linakhazikitsidwa mu 1984. Koma bwalo la FIFA limamva milandu ya pakati pa anthu a maiko osiyana. Mwana wa muno amene akukangana ndi kalabu ya muno, nkhani yake iyenera kutha muno. Motero m'cipinda cimodzi cobvalira mungakhale anyamata awiri, onse osalipidwa miyezi yofanana, koma mlendo ali ndi cibonga m'manja pamene mwini dziko ali ndi pakamwa pokha.

Ndikulankhula zimene ndinaona m'banja mwathu. Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa liwiro ngati gwape, anatengedwa ndi timu ina imene sindiichula dzina. Anamusainitsa pepala la Cingerezi pamwamba pa galimoto, dzuwa likulowa, namuuza kuti lake adzamupatsa Lolemba. Lolembalo silinafike. Atathyoka bondo pa mwezi wacisanu ndi ciwiri, malipiro anaima. Titapita kukadandaula tinapeza kuti munthu womva dandaulo lathu ndi yemweyo amene tinali kumudandaula, ndipo pepala lokhalo limene likanatiimira linali m'kabati yake. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Tinabwerera manja ali m'khosi, ndipo ndalama za cipatala zinacokera m'nkhokwe ya mlongo wanga.

Cifukwa cace ine ndikuti mkangano wathu wa zigoli usathere pa zigoli. Wosewera wa muno afunika bwalo lapafupi, losalipiritsa, lofulumira, lomva cinenero cake, m'mene oimira osewera ndi oimira makalabu ali ofanana ciwerengero ndipo wa pampando sadya za mbali iliyonse. Si maganizo acilendo ai, pakuti FIFA yomwe imalimbikitsa maiko kukhala ndi mabwalo otere. Bungwe la osewera mpira la FAWUZ lilipo, ndipo mphamvu zake zidzakula molingana ndi kuculuka kwa anyamata ndi atsikana amene alowamo, pakuti cala cimodzi siciswa nsabwe. Khoti ya Boma nayo ndi yotseguka pa milandu ya nchito, ndipo lamulo la za nchito la 2019 limati pangano la miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo liyenera kulembedwa. Koma wosewera amene nyengo yake ya mpira ikutha mwezi wa mawa sangathe kudikira mlandu wa zaka ziwiri.

Ena adzati makalabu athu ndi osauka, ndipo kuwapanikiza ndi malamulo ndi kuwapha. Mau amenewa ali ndi coonadi cake. Eni matimu ambiri ang'onoang'ono amacotsa ndalama m'thumba mwao, kugula mafuta a basi ndi ufa wa anyamata popanda cobwerera, ndipo anthu otere ayenera ulemu. Koma pepala silikakamiza munthu kulonjeza zimene alibe. Amene angathe K500 pa mwezi alembe K500, ndipo aipereke. Cimene cimapha mpira ndi kulonjeza K5,000 pakamwa pofuna kulanda mnyamata kwa timu ina, kenaka n'kuzimitsa foni pa mapeto a mwezi. Ndiponso pepala lomwelo limateteza kalabu. Timu imene inalembetsa ana ake ndi kusunga mapangano ao bwino ndiyo imene imalandira gawo lake mwana akagulidwa kunja. Lero si anyamata okha ai: mu 2024 Racheal Kundananji anagulidwa ndi Bay FC ya ku America pa mtengo umene pa nthawiyo unali woposa wa mkazi aliyense pa dziko lonse, ndipo Barbra Banda anamutsatira kupita ku Orlando Pride pa madola 740,000.

Enanso adzati manambala sanena zonse, ndipo apa ndigwirizana nao kwambiri. Zigoli 27 za ku Austria ndi zisanu za ku England zinacokera m'miyendo ya munthu mmodzi. Wochinga kumbuyo amene waletsa zigoli khumi salembedwa pa bolodi, ndipo Mwepu sanachedwe Computer cifukwa ca kugoletsa. Koma cimeneci ndico cifukwa cace pafunika munthu woweruza, wodziwa mpira, amene angayeze nambala pamodzi ndi zimene nambala yasiya. Mlimi aliyense adziwa kuti sikelo ndi yabwino, koma adziwanso kuti sikelo ya wogula yekha, yosayesedwa ndi wina aliyense, ndiyo imene imasandutsa mameda khumi kukhala asanu ndi atatu.

Kwa makolo a kumudzi, amene mwana wanu tsiku lina adzafikiridwa ndi munthu wa galimoto yonyezimira, pali zinthu zocepa zimene malamulo a mpira anena momveka. Pangano la wosewera siliyenera kupitirira zaka zisanu, ndipo la mwana wosakwana zaka 18 siliyenera kupitirira zitatu. Mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kugulitsidwa kunja kwa dziko, kupatula pa zifukwa zocepa zapadera, motero munthu wopempha ng'ombe yanu kuti atengere mwana wa zaka 15 ku Ulaya muyambe mwamufunsa mafunso ambiri. Pepala lisasainidwe tsiku lomwe labwera. Ligone m'nyumba, aphunzitsi a pa sukulu kapena munthu wina wodziwa Cingerezi aliwerenge mokweza ndi kulimasulira, makamaka pamene pakunena za malipiro, za kubvulala, ndi za amene adzaweruza pakabuka kusamvana. Ndipo mapepala akhale awiri, limodzi la kalabu, lina la mwana, losungidwa pamodzi ndi khadi la munda ndi ziphaso za sukulu.

Anthu atayamba kutuluka m'kanyumba kaja usiku umenewo, ndinatsata anyamata awiri a nsapato za m'kathumba mpaka pa msewu. Ndinafunsa wamkulupo ngati anasaina pangano ndi timu yake. Anati, "Inde atate, ndinasaina mu January." Ndinafunsa kumene kuli pepala lake, ndipo anati lili ndi a manijala. Nditafunsa kuti ndi la zaka zingati, anayang'ana mnzake, nakanda m'mutu, nati, "Ziwiri, kapena zitatu." Koma zigoli za Daka za ku Salzburg anandiwerengera zonse, caka ndi caka, wosaphonya ndi cimodzi comwe.